Kulemba tebulo la XOR osasokonezedwa ndi mawu akuti "kapena"

Mayi wogulitsa nsima pa Chitakale akakufunsani kuti, "Ndiwo ndiike nkhuku kapena nyemba, achimwene?", mumadziwa kuti pa ndalama mwaperekayo mulandira mtundu umodzi wa ndiwo. Koma mlonda wa pageti la esiteti ya tiyi akalengeza kuti alowe okhawo amene ali ndi chiphaso cha ntchito kapena chitupa cha unzika, munthu amene watulutsa zonse ziwiri sabwezedwa. Mawu ndi amodzimodzi, "kapena", koma akusenza katundu wosiyana. Polankhula sitisokonezeka chifukwa malo ndi nkhope ya wolankhulayo zimatiuza tanthauzo lake. Kompyuta ilibe nkhope yoti iyang'ane, choncho mu logic matanthauzo awiriwa anapatsidwa mayina osiyana. "Kapena" wa mlonda uja ndi OR. "Kapena" wa mayi wa nsima ndi XOR.

Langizo lathu loyamba ndi lakuti mukaona XOR muiwale kaye mawu akuti "kapena". Mudzifunse funso limodzi lokha: kodi ziwirizi zikusiyana? Zikasiyana lembani 1, zikafanana lembani 0. Zolakwa zambiri zimene ophunzira amachita pa phunziroli, kaya kusekondale kaya m'chaka choyamba ku MUST ku Ndata, zimachokera pa kumasulira XOR ndi mawu a tsiku ndi tsiku m'malo mofunsa funso limeneli.

Zizindikiro zimene tigwiritse ntchito ndi izi. 1 ndi zoona, 0 ndi zabodza. A ⊕ B ndi XOR, A + B ndi OR, A · B ndi AND, imene imapereka 1 pokhapokha zonse ziwiri zikakhala 1, ndipo A' ndi NOT, kutanthauza kutembenuza 0 kukhala 1 kapena 1 kukhala 0. Chizindikiro cha + pano sichikutanthauza kuphatikiza kwa masamu a kupulayimale. Mabuku ena amalemba T ndi F m'malo mwa 1 ndi 0, ndipo amayambira pamwamba ndi T. Ndi tebulo lomwelo, langotembenuzika. Sankhani njira imodzi, musasakanize pa pepala limodzi.

Tebulo la zilembo ziwiri, limene aphunzitsi amalitcha truth table, lili chonchi tikaliika pambali pa la OR:

A | B | A + B | A ⊕ B
0 | 0 | 0 | 0
0 | 1 | 1 | 1
1 | 0 | 1 | 1
1 | 1 | 1 | 0

Mizere itatu yoyamba ndi yofanana. Kusiyana konse kwagona pa mzere womaliza, pamene A ndi B onse ali 1.

Kukonza mizere musanayambe kuwerengera

Werengani kaye zilembo zosiyana zimene zili mu funsolo. Chilembo chikabwera kawiri chiwerengeni kamodzi. Zilembo ziwiri zimafuna mizere 4, zitatu mizere 8, zinayi 16, zisanu 32. Chilembo chilichonse chowonjezera chimachulukitsa mizere kawiri, popeza chimatha kukhala 0 kapena 1 pa mzere uliwonse umene unalipo kale. Jambulani mizere yonseyo ndi rula musanalembe nambala ngakhale imodzi.

Podzaza yambirani danga la chilembo chomaliza, lakumanja. Mmenemo mumasinthanitsa 0, 1, 0, 1 mpaka pansi. Danga lotsatira kumanzere mulembe ma 0 awiri, ma 1 awiri, mobwereza. Lotsatiranso anayianayi, ndipo ngati pali chilembo chachinayi, 8 ndi 8. Mukamaliza, mzere woyamba ukhale ma 0 okhaokha, womaliza ma 1 okhaokha. Mukawerenga mizereyo ngati manambala a binary, olembedwa ndi 0 ndi 1 okha, muona kuti pa zilembo zitatu mwangowerenga kuyambira 0 mpaka 7. Amene amadzaza mizere mongoganizira kuti ndi iti imene sanalembe amabwereza mzere umodzi n'kusiya wina.

Zilembo zitatu, pomwe ambiri amagwera

Tengani A ⊕ B ⊕ C. XOR imagwira zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, basi. Ndiye tsegulani danga lothandizira la A ⊕ B, mulidzaze lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako mufanizire danga limeneli ndi danga la C. Pa gawo lachiwirili phimbani madanga a A ndi B ndi chikhatho kapena kapepala, ntchito yawo yatha.

A | B | C | A ⊕ B | A ⊕ B ⊕ C
0 | 0 | 0 | 0 | 0
0 | 0 | 1 | 0 | 1
0 | 1 | 0 | 1 | 1
0 | 1 | 1 | 1 | 0
1 | 0 | 0 | 1 | 1
1 | 0 | 1 | 1 | 0
1 | 1 | 0 | 0 | 0
1 | 1 | 1 | 0 | 1

Yang'anitsitsani mzere womaliza. Zonse zitatu ndi 1, ndipo yankho ndi 1. Wophunzira amene analoweza kuti XOR ndi "chimodzi chokha" amalemba 0 pamenepa, mtima uli m'malo. Koma tsatani ndondomeko: A ndi B akufanana, ndiye A ⊕ B ndi 0. Kenako 0 ameneyu akusiyana ndi C amene ali 1, ndiye yankho ndi 1. Tanthauzo la "chimodzi chokha" limagwira pa zilembo ziwiri zokha. Zikapitirira ziwiri, lamulo lake ndi ili: ikani ma 1 a mumzerewo awiriawiri, ngati ana asukulu pa mzere wa asembule. Wina akatsala wopanda mnzake, yankho ndi 1. Onse akapeza anzawo, yankho ndi 0. Mzere wa ma 1 atatu umasiya mmodzi. Mzere wa ma 1 anayi susiya aliyense, ndipo mzere wopanda 1 ndi mmodzi yemwe nawonso ndi 0.

Ngati funso likufunadi kuti chimodzi chokha mwa zitatu chikhale choona, monga kuti pa mipando itatu ya komiti ya mudzi munthu akhale pa umodzi wokha, A ⊕ B ⊕ C siyokwanira. Muyenera kulemba A · B' · C' + A' · B · C' + A' · B' · C. Tebulo lake limafanana ndi la pamwambali pa mizere 7, n'kusiyana pa mzere wa 111 pokha, pamene zonse zitatu zili 1. N'chifukwa chake cholakwachi chimabisala: munthu akayesa mizere iwiri kapena itatu mwachisawawa amaona ngati zonse zili bwino.

Maswichi a m'khonde

Amene amaika mawaya m'nyumba amaidziwa XOR ngakhale saitchula dzina. M'khonde lalitali la hositelo kapena pa masitepe, babu limodzi limayatsidwa ndi maswichi awiri, ina kuno ina uko. Amagetsi amati two-way. Swichi iliyonse ili ndi pomangira patatu, COM, L1 ndi L2. Waya wamoto amalowa pa COM ya swichi yoyamba, COM ya swichi yachiwiri imapita ku babu, ndipo mawaya awiri amalumikiza ma L a swichi yoyamba ndi ma L a inzake. Mukadina swichi ina iliyonse babu limasintha, loyaka limazima, lozima limayaka, osayang'ana kuti inzakeyo ili potani.

Apa pali kanthu kamene kamasokoneza polemba tebulo. Mukalumikiza L1 ndi L1, L2 ndi L2, babu limayaka maswichi onse akaloza mbali imodzi. Imeneyo ndi XNOR, mbale wake wa XOR amene amapereka 1 zinthu zikafanana. Mukapingasa mawaya awiriwo, L1 kupita ku L2, babu limayaka maswichi akasiyana, ndipo imeneyo ndiye XOR. Kutembenuza swichi imodzi mutu pansi poimanga pakhoma kumasinthanso momwe zikuonekera kwa wodina. Choncho musanalembe mzere woyamba, gwirizanani kuti 1 ndi swichi yodinikizidwa pansi kapena pamwamba, ndipo mulembe chimenecho pamwamba pa tebulo.

Mukaika swichi yachitatu pakati, imene amaitcha intermediate, mwapanga XOR ya zilembo zitatu. Yambani babu lili lozima, maswichi onse pa 0. Dinani yoyamba, layaka. Dinani yachiwiri, lazima. Dinani yachitatu, layakanso. Mzere uja wa 111 ndi umenewu, ukuwala padenga. Poyeserera gwiritsani mabatire a tochi ndi kababu kakang'ono. Magetsi a m'nyumba ndi 230 V, si oseweretsa, asiyireni odziwa ntchitoyo.

Funso losakaniza zizindikiro

Pamayeso XOR siibwera yokha. Tiyeni tione F = (A + B) ⊕ (B · C'), pamene F ndi dzina chabe la yankho. Dongosolo lake ndi kuyamba ndi NOT, kenako zam'mabulaketi, ndipo chizindikiro chimene chikulumikiza zonse chibwere pomaliza. Gawo lililonse lipatseni danga lakelake, ngakhale looneka lophweka ngati C'. Kusunga C' m'mutu ndi kumene kumabweretsa zolakwa pa mzere wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, maso akayamba kutopa.

A | B | C | C' | A + B | B · C' | F
0 | 0 | 0 | 1 | 0 | 0 | 0
0 | 0 | 1 | 0 | 0 | 0 | 0
0 | 1 | 0 | 1 | 1 | 1 | 0
0 | 1 | 1 | 0 | 1 | 0 | 1
1 | 0 | 0 | 1 | 1 | 0 | 1
1 | 0 | 1 | 0 | 1 | 0 | 1
1 | 1 | 0 | 1 | 1 | 1 | 0
1 | 1 | 1 | 0 | 1 | 0 | 1

Dzazani motsika danga ndi danga, osati mopingasa mzere ndi mzere. Mukamatsika, mutu umagwira lamulo limodzi kwa mizere yonse 8. Mukamapingasa mumasintha lamulo kanayi pa mzere uliwonse, ndipo OR ndi XOR zimayamba kulowana. Mu tebulo ili malo oopsa ndi 010 ndi 110, pamene madanga a A + B ndi B · C' onse ali ndi 1. Wolemba amene dzanja lake lazolowera OR amaika 1 pamenepo.

Mabulaketi musawanyoze. Pamene pali XOR yokhayokha mutha kuwasuntha momwe mufunira: (A ⊕ B) ⊕ C ndi A ⊕ (B ⊕ C) zimapereka danga limodzimodzi, ndipo A ⊕ B ndi chimodzimodzi B ⊕ A. Koma AND ikangolowapo nkhani yasintha. Yesani mzere wa A = 1, B = 0, C = 0. Pa A ⊕ (B · C) mupeza 1 ⊕ 0, yankho 1. Pa (A ⊕ B) · C mupeza 1 · 0, yankho 0. Funso likabwera lopanda mabulaketi, monga A ⊕ B · C, mwambo wake ndi woti AND iyambe. Pakati pa XOR ndi OR mabuku sagwirizana onse, ndiye polemba zanu ikani mabulaketi kuti wowerenga asachite kulota.

Kumasula mabulaketi nakonso kuli ndi msampha. A · (B ⊕ C) mutha kuimasula kukhala (A · B) ⊕ (A · C), zimatheka pa mizere yonse. Koma A + (B ⊕ C) siifanana ndi (A + B) ⊕ (A + C). Pa mzere womwe uja wa 100, yoyamba ikupereka 1, yachiwiri ikupereka 1 ⊕ 1, amene ndi 0. Mzere umodzi wosiyana ndi wokwanira kutsimikiza kuti ziwirizo si zofanana. Kuti mutsimikize kuti ndi zofanana, pamafunika mizere yonse.

Cholakwa china chimachokera kwa amene aphunzira kumene malamulo a De Morgan, amene amati potembenuza AND kapena OR mutembenuze zilembo zonse ziwiri n'kusinthanitsa zizindikirozo. Iwo akaona (A ⊕ B)' amatembenuza zilembo zonse ziwiri n'kulemba A' ⊕ B'. Ganizani za funso lathu lija. Ngati A ndi B akusiyana, mukawatembenuza onse amasiyanabe. Ndiye A' ⊕ B' ndi A ⊕ B yemweyo, simunasinthe kanthu. Kuti mutembenuze XOR tembenuzani chilembo chimodzi chokha: (A ⊕ B)' ndi chimodzimodzi A' ⊕ B, kapenanso A ⊕ B'.

Pali mfundo zinayi zofupikitsira ntchito zimene ndi bwino kuzidziwa pamtima. A ⊕ 0 ndi A. A ⊕ 1 ndi A'. A ⊕ A ndi 0, popeza chinthu sichisiyana ndi icho chomwe. A ⊕ A' ndi 1. Choncho mukapatsidwa A ⊕ B ⊕ A, ma A awiriwo amadyana n'kutsala B yekha, ndipo danga la yankho liyenera kufanana ndi danga la B.

Pomasulira chiganizo kukhala zizindikiro

Mafunso ena amabwera m'mawu. Apa yesani mizere iwiri ya kumapeto, 00 ndi 11, chifukwa ndiyo imasiyanitsa zizindikiro zofananafanana. Tengani chigayo cha pa Luchenza chimene chili ndi magetsi a ESCOM komanso jenereta. Lamulo la chitetezo limati ziwirizi zisalumikizidwe nthawi imodzi. Ambiri amathamangira kulemba XOR. Koma funsani mzere wa 00: zonse zikakhala zozimitsa usiku, lamulo laphwanyidwa? Ayi. Ndiye 00 ikupereka 1, ndipo imeneyo ndi NAND, (A · B)', imene imapereka 0 pa 11 pokha. Chiganizo chikanakhala chakuti chigayo chikuyenda ndiponso palibe ngozi, 00 ikanapereka 0, 11 ikanaperekanso 0, ndipo pamenepo XOR ikanakhala yoyenera.

Chenjeraninso ndi zinthu zimene sizingachitikire pamodzi mwachibadwa. "Minibasi iyi ikupita ku Limbe kapena ku Muloza" sichitsanzo chabwino cha XOR, chifukwa mzere wa 11 sungayesedwe n'komwe. Chitsanzo chabwino ndi chimene zonse ziwiri zingatheke koma lamulo likukana, ngati mbale ija ya nsima.

Kudzichonga nokha

Ngati funso lili ndi XOR yokhayokha ndipo chilembo chilichonse chabwera kamodzi, theka la mizere liyenera kukhala 1: ma 1 anayi pa mizere 8, ma 1 okwana 8 pa mizere 16. Mukawerenga n'kupeza atatu kapena asanu, penapake paterereka. Komanso mizere iwiri iliyonse imene ikusiyana pa chilembo chimodzi chokha iyenera kukhala ndi mayankho osiyana, monga babu la m'khonde lija. Njira yachitatu ndi kulemba XOR ndi zizindikiro zina n'kufanizira madanga. A ⊕ B ndi chimodzimodzi A · B' + A' · B, komanso (A + B) · (A · B)'. Yachiwiriyi mukaiwerenga m'Chichewa ikuti "kapena, koma osati zonse".

Amene ali ndi kompyuta angachonge ndi Excel, imene ili ndi XOR kuyambira mu Excel 2013. Mukalemba =XOR(A2,B2,C2) pa mzere wa ma 1 atatu ikupatsani TRUE, mogwirizana ndi lamulo la awiriawiri lija. Mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, chizindikiro cha XOR ndi ^, koma mu Excel ^ yemweyo ndi wa power, kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe mobwereza. Mu Python 13 ^ 6 imapereka 11. Mu Excel =13^6 imapereka 4826809, ndipo kuti mupeze 11 muyenera kulemba =BITXOR(13,6). Kumene 11 akuchokera ndi uku: 13 mu binary ndi 1101, 6 ndi 0110. Ikani ina pansi pa inzake, mufunse funso la kusiyana pa malo alionse, mupeza 1011, amene ndi 11. Bwerezani ndi 6 yemweyo, 1011 ⊕ 0110, mubwerera pa 1101. Apa ndi A ⊕ A uja akudyana.

Wina angafunse kuti zonsezi n'zantchito yanji. George Boole, amene ankaphunzitsa masamu ku Cork ku Ireland, anasindikiza algebra ya zoona ndi zabodza mu 1854 makompyuta kulibe. Matebulo ngati awa anatchuka kudzera mu zolemba za Emil Post ndi Ludwig Wittgenstein za 1921, ndipo Claude Shannon mu 1937 ku MIT anaonetsa kuti algebra ya Boole imafotokoza bwino maswichi a magetsi. Lero kompyuta ikamaphatikiza 1 ndi 1 mu binary n'kupeza 10, ka 0 kolembedwako kamachokera ku XOR, ndipo 1 wosungirayo amachokera ku AND. Lamulo la awiriawiri ndi limenenso limagwira pa parity bit, kanambala kochongera ngati uthenga wafika bwino: uthenga wa 1011001 uli ndi ma 1 anayi, ndiye XOR yake ndi 0, ndipo 0 ameneyu amatumizidwa limodzi ndi uthengawo. Nambala imodzi ikasintha panjira wolandira amazindikira. Zikasintha ziwiri sazindikira, chifukwa zapezana.

Kuyesa tebulo ndi manja

Kachipangizo ka 74HC86 kali ndi miyendo 14 ndipo mkati mwake muli ma XOR anayi. Mwendo woyamba uli kumanzere kwa kamphako ka pamutu pake, kamphakoko kakaloza kumwamba, ndipo mumawerenga kutsika mbali yakumanzere n'kukwera yakumanja. Mwendo 14 upite ku 5 V, mwendo 7 ku negative. Miyendo 1 ndi 2 ndi A ndi B, mwendo 3 ndi yankho. Pa mwendo 3 ikani resistor ya 330 Ω motsatana ndi LED, mwendo waufupi wa LED uloze ku negative. A ndi B aliyense akhale ndi resistor ya 10 kΩ yopita ku negative, ndi kabatani kopita ku 5 V. Pa zilembo zitatu, tengani waya kuchokera pa mwendo 3 kupita pa mwendo 4, C alowe pa mwendo 5, ndipo LED isamukire pa mwendo 6. Waya wa pakati pa 3 ndi 4 ndiye danga lothandizira lija la A ⊕ B.

LED ikamaphethira yokha kapena kusintha mukangoyandikitsa chala, pali mwendo wolowera umene mwausiya uli lende, osalumikizidwa kulikonse. Mwendo wotere si 0, umangotola chilichonse chimene chili pafupi. Miyendo yolowera ya ma XOR amene simukuwagwiritsa ntchito, 9, 10, 12 ndi 13, imangeni ku negative, pamodzi ndi 4 ndi 5 ngati mukuyesa zilembo ziwiri zokha. Miyendo yotulutsa, 8 ndi 11, isiyeni yokha.

Werenganinso zolembedwa pamsana pa kachipangizoko. Ngati ndi 74LS86 osati 74HC86, miyendo ndi yomweyo koma khalidwe ndi lina. Ka LS kamafuna magetsi a pakati pa 4.75 V ndi 5.25 V, mwendo wake wosiyidwa lende umawerengedwa ngati 1, ndipo resistor ya 10 kΩ yopita ku negative ndi yaikulu kwambiri moti singautsitse kufika pa 0. Pamenepo tembenuzani: resistor ipite ku 5 V, kabatani kapite ku negative, ndipo mukumbukire kuti tsopano kudina ndi 0, kusiya ndi 1. Ka HC kamalola kuyambira 2 V mpaka 6 V, ndiye mabatire atatu a AA, amene amapereka 4.5 V, ndi okwanira. Ndi abwinonso kuposa power bank, chifukwa ma power bank ambiri amazima okha akaona kuti chimene chalumikizidwacho chikukoka magetsi ochepa, ndipo mungaganize kuti mzere wa 01 wapereka 0 pamene kwangothima moto.